Mwala Umodzi M'thumba la Asiyatu

Ndikukumbukira bolodi la matabwa lomwe linkalendewera m'holo ya sukulu yathu, pamwamba pa khomo lolowera kodyera. Linali lopakidwa utoto wakuda, ndipo pa ilo panalembedwa ndi utoto woyera mayina a onse amene anasankhidwa kupita ku yunivesite kuchokera pa sukuluyo, chaka ndi chaka, dzina lililonse ndi nambala yake pambali. Tsiku langa loyamba mu Folomu 1 ndinaima pansi pake nditagwira mbale ya pulasitiki, n'kumawerenga mayinawo limodzilimodzi mpaka khosi linauma. Ndinali ndisanaonepo dzina la munthu wamoyo litalembedwa ndi utoto. Kwathu ku Chiringa utoto unali wa zikwangwani za masitolo ndi mitanda ya kumanda.

Sukuluyo inali pansi penipeni pa phiri, mbali yathu ino ya Phalombe, moti m'mawa wa chiperoni nkhungu inkatsika n'kulowa m'makalasi pamodzi ndi ife. Sinali sukulu yongofikapo. Inkatenga ana ochepa amene akhoza bwino kwambiri mayeso a Sitandade 8, ndipo chaka chimenecho kudera lathu tinasankhidwa awiri: ine ndi mtsikana wina dzina lake Asiyatu, mwana wa a Jafali, amene ankagula nandolo pamsika wa Chiringa. Sitinaphunzire pulaimale imodzi. Ndinkangomudziwa ngati kamtsikana kowonda ka mpango woyera kumutu, kamene kankagwira kukamwa kwa thumba bambo ake akamathiramo nandolo.

Ku pulaimale ndinali nambala wani kuyambira Sitandade 4, ndipo ndinapita ku sekondale ndikuganiza kuti dziko linalengedwa choncho. Sabata yoyamba yomwe ndinazindikira kuti aliyense m'kalasimo anali nambala wani kwawo. Tinali anambala wani okhaokha m'chipinda chimodzi, ndipo wina anayenera kukhala womaliza. Belu linkalira kusanache bwino. Tinkasamba madzi ochokera m'phiri, ozizira moti mano ankagundana, kenako phala, kenako makalasi mpaka dzuwa litapendeka. Tikatero inali sitade, maola awiri osayankhula, momwe unkangomva mapepala akutembenuzidwa ndi mimba zikudandaula nyemba zofumbwa. Loweruka lililonse tinkalemba mayeso. Sindinganene kuti ndinkaikonda sukuluyo. Ndinkaiopa monga ndinkaopera phirilo. Sunkafuna kulikwera, komanso sunkatha kusiya kuliyang'ana.

Masamu ankatiphunzitsa a Mhango, bambo wamtali wochokera kumpoto, amene Chichewa chawo chinali chowongoka ngati lula. Sankakalipa, ndipo sankayamikira. Ukalemba yankho lolondola popanda kusonyeza njira, ankakupatsa ziro n'kulemba pambali ndi cholembera chofiira kuti, "Yankho ndili nalo kale." Mayina a pa bolodi la m'holo lija ankawadziwa onse pamtima, ndi manambala awo omwe. Akafuna kutiwawitsa mtima ankangotchula dzina limodzi, n'kuyang'ana pawindo ngati mwini dzinayo akudutsa panja.

Tsiku lina mu Folomu 3 analemba funso pabolodi la m'kalasi, la makona atatu okhala mkati mwa chozungulira. Anati njira yake ndi ya masitepe khumi ndi awiri, ndipo atipatsa theka la ola. Ine ndinali pa sitepe yachitatu, yolakwika, pamene Asiyatu anakweza dzanja. Anapita kutsogolo, anatenga choko, anajambula kamzere kamodzi komwe panalibe, kuchokera pakati mpaka pakona, kenako analemba mizere inayi n'kubwerera pampando wake. A Mhango anaima patsogolo pa bolodilo nthawi yaitali. Tinkamva madzi akudontha kuchokera pamalata. Kenako anaika choko pansi pang'onopang'ono ngati dzira, n'kuuza amene ankafuta bolodi sabata imeneyo kuti, "Apa musafutepo."

Mizere inayi ija inakhala pakona ya bolodi masiku asanu ndi limodzi. Aphunzitsi a Chingelezi ankalemba moilambalala. A Bayoloje anajambula mtima wa munthu wopanikizika mbali imodzi kuti asaikhudze. Ine ndinkaiwerenga tsiku lililonse, n'kumaimvetsa ndikamaiyang'ana, n'kuiiwala ndikangotembenuka. Nsanje ndinalibe. Nsanje umachitira munthu amene uli naye pafupi.

Kufikira nthawi imeneyo malipoti athu ankabwera ndi malikisi a pa handiredi, omwe kholo lililonse limawamva. Koma kumapeto kwa Folomu 3 ahedi analengeza kuti mayeso a telemu yomaliza achongedwa monga amachongera mayeso aboma a Folomu 4, kuti tizolowere kuona nkhope yathu yeniyeni. Phunziro lililonse limapatsidwa nambala kuyambira 1 mpaka 9. Wani ndiye kupambana kwenikweni, naini ndi kulephera. Kenako amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo chotulukacho ndiwo mapointi ako. Ochepetsetsa amene munthu angapeze ndi 6. Awa ndiwo anali manambala a pa bolodi la m'holo aja. A Mhango anatiuza mosakweza mawu kuti amene adutse 20 ayambe kuganiza zina, chifukwa malo ku yunivesite ndi ochepa ndipo ana a dziko lonse akulimbirana malo omwewo.

Tsiku lotsekera aliyense analandira kapepala kopapatiza ngati chikhatho. Panalibe malikisi, panalibe malo ako m'kalasi, panalibe ndemanga ya mphunzitsi. Maphunziro kumanzere, manambala kumanja, ndipo pansi pake nambala imodzi yozunguliridwa ndi inki yofiira. Ya Asiyatu inali 7. Yanga inali 34.

Tinakwera minibasi imodzi mpaka pa Boma, kenako lole ya matumba yopita ku Chiringa. Kunali kumapeto kwa Julaye, mphepo itayamba kunyamula fumbi, ndipo m'minda nandolo anali atayamba kuuma, n'kumalira m'makoko mwake mphepo ikawomba. Asiyatu anagona njira yonse atatsamira chikwama chake, ngati munthu wopanda mlandu ndi dziko. Ine kapepala kanga ndinakapinda kanayi n'kukalowetsa mu sokosi.

Bambo anga, a Lameki, sanapite kusukulu. Ankalima nandolo, chimanga ndi chinangwa, ndipo zonse zomwe ankadziwa za manambala anaziphunzira pa sikelo. Tsiku limene ndinasankhidwa kupita ku sekondale anazungulira mudzi wonse pa njinga yopanda katundu, akungoliza belu. Nditafika pa holide imeneyo ndinawapeza pakhonde akukonza tcheni cha njinga yomweyo. Ndinawapatsa kapepalako ndi manja awiri. Anakagwira m'mphepete kuti asakadetse ndi girisi, anakayang'ana kanthawi, n'kuloza nambala yozunguliridwa ija.

"Iyi ndi chiyani?"

"Mapointi, bambo. Sate-folo."

"Ndi ambiri?"

Ndinayang'ana tcheni. "Ndi ambiri, bambo."

"Anzako?"

"Ena twente, ena fifitini."

"Nanga mwana wa a Jafali?"

"Seveni."

Bambo anapukusa mutu mwachisoni. "Kamwana kaulemu kaja. Kaya sukuluyo yakakulira."

Sindinanene bodza ngakhale limodzi. Ndakhala ndikubwereza kukambiranaku mumtima zaka zonsezi, ndipo mawu anga onse anali oona. Tsiku lomwelo mayi anapha nkhuku.

Masabata otsatira ndinali munthu wamkulu. Kutchalitchi anandiimika kutsogolo kuti ana aang'ono andione. Bambo ankati akakumana ndi munthu panjira, moni usanathe, sate-folo watuluka, ndipo ankamutchula ndi kamvekedwe kawo ka Chilomwe, mokoka, ngati dzina la mankhwala okwera mtengo. Ine ndinkadziuza kuti ndikakonza zonse mu Folomu 4, ndipo palibe amene wavulala.

Ndinakumana ndi Asiyatu kuchigayo tsiku lina masana. Anali atakhala pa thumba lake la chimanga akudikira mzere, ufa utamuyeretsa nsidze. Injini inkaphokosa moti anachita kudikira kuti izime.

"Sindibwerera kusukulu," anatero.

Ndinaganiza kuti akungocheza. Koma anandifotokozera mwachidule, monga ankachitira masamu. Bambo anga anapita kukagulitsa thumba loyamba la nandolo pa sikelo ya a Jafali, ndipo ali pomwepo anawapepesa ndi mtima wonse, kuti ana safanana, asataye mtima. A Jafali anali atasunga kapepala ka mwana wawo m'thumba la malaya osaonetsa munthu aliyense. Telemu yatha mwanayo anabweretsa 80 ndi 90, lero wabweretsa 7. Anamuona atawonda, maso atalowa, ndipo mawu a bambo anga anangotsimikiza zomwe ankaopa kale, kuti sukuluyo ikumupha mwana pachabe. Sanamukalipire. Anamuuza mofatsa kuti wayesetsa, palibe cholakwa, ndipo akamulembetsa pasukulu yoyendera yapafupi kuti azidya kunyumba.

"Sunawafotokozere?" ndinafunsa.

"Katatu. Akuti mwana aliyense wolephera amabwera ndi masamu ake."

"Aphunzitsi a ku pulaimale angawauze."

"Akuti sangayende ndi manyazi a mwana wawo m'makomo mwa anthu."

Sanandipemphe kanthu. Anangopukuta ufa pankhope ndi nsonga ya mpango, n'kundiyang'ana monga ankayang'anira funso pabolodi.

"Sate-folo ndi ambiri ndithu, Fanuwelo," anatero. Injini inaliranso, ndipo anakoka thumba lake n'kulowa.

Lamulo tonse tinkalidziwa. Amene sanafike sabata yoyamba ya telemu, malo ake ankapatsidwa wina, ndipo odikira malo anali ambiri. Kunatsala masiku khumi ndi awiri. Sukulu yoyendera ija inalibe chipinda cha sayansi, ana ake ankaphunzira za asidi pongomva. Ndinabwerera kunyumba ndi ufa pa njinga, ndipo njira yonse ndinkaona mizere inayi ija, ndi munthu akuifuta ndi chisanza chonyowa.

Ndinatha masiku atatu ndikufunafuna njira yopulumutsira Asiyatu popanda kudzivula ndekha pagulu. Ndinaganiza zopita kwa a Jafali mwamseri, koma iwo akanayerekeza mawu a mwana ndi mawu a bambo ake, ndipo akanafunsa bambowo. Ndinaganiza zolemba kalata yopanda dzina. Ndinaganiza zodwala. Funsolo linali ngati la a Mhango. Yankho ndinali nalo kale, chovuta chinali kusonyeza njira.

Tsiku la msika bambo anamanga matumba awiri pa njinga, ine ndikukankha kumbuyo. Sikelo ya a Jafali inali ya wotchi, yolendewera pa mtanda wa denga kukhonde la sitolo yawo, mbedza yake itasalala ndi manja a zaka zambiri. Ankayeza mwaulemu, osafulumira. Ankapachika thumba, kudikira muvi uime, kenako kupisa dzanja mpaka m'chigongono n'kutulutsa nandolo wodzaza chikhatho. Akaonamo miyala kapena makoko ankachotsa kilo imodzi kapena awiri, ndipo apa ndi pomwe mikangano yonse ya pamsikapo inkayambira. Tsiku limenelo Asiyatu anali pambali pawo atagwira thumba lopanda kanthu. Pamzere panali anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, ndipo khonde lonse linkanunkhira fumbi la nandolo ndi zingwe za khonje.

"Ophunzira afika," anatero a Jafali atandiona. Sankanyoza ayi. "Mwanawe, Mulungu akuwonjezere. Ukakafika ku yunivesite usatiiwale ife a m'fumbi."

Ndinagwada bondo limodzi. Mawu anatuluka aang'ono kuposa mmene ndinawakonzera.

"Bambo, ndili ndi mawu. Amene walephera ndine. Asiyatu ndi amene wapambana sukulu yonse."

Bambo anga anaseka. "Iwe, ulemu wina ndi wopitirira."

"Si ulemu, bambo."

A Jafali anasiya thumba lathu likulendewera. "Sate-folo ndi seveni, chachikulu n'chiti?"

"Sate-folo."

"Ndiye ukunena chiyani?"

Ndinayang'ana dzanja lawo. Linali likadali ndi nandolo wathu, ndi timiyala tiwiri tofiira pakati pake. Mpaka lero sindidziwa kumene mawuwo anachokera.

"Mapointi sawerenga nandolo, bambo. Amawerenga miyala. M'thumba langa apezamo miyala sate-folo. Mwa Asiyatu apezamo seveni. Ndipo sikisi mwa seveniyo si miyala ayi, ndi kulemera kwa thumba lenilenilo. Palibe amene amatsika kupitirira pamenepo."

Kenako mayi wina pamzere anati, "Ndiye a Lameki akhala akutinyadira ndi thumba la miyala," ndipo ena anaseka chapansipansi. Sindinayang'ane bambo anga. Ndinkangoona mapazi awo, ndi fumbi pa zala zawo, osasuntha.

A Jafali anandiyang'anitsitsa, kenako anatembenukira kwa bambo.

"Achimwene, zaka zonse ndaima pa sikelo iyi, aliyense amalimbikira kuti thumba lake ndi lolemera kuposa zomwe muvi ukunena. Sindinaonepo munthu akulimbikira kuti lake ndi lopepuka. Mwana uyu sakunama."

Anabwezera nandolo uja m'thumba, anapukuta dzanja pa malaya, n'kutulutsa kapepala ka Asiyatu. Kanali katafewa ngati nsalu chifukwa chopindidwa ndi kutambasulidwa. Anakatalikitsa ndi maso.

"Seveni kuchotsa sikisi."

"Wani, bambo."

"Mwala umodzi."

"Umodzi."

"M'thumba lonse."

"Inde, bambo."

"Uli pati?"

Ndinaimirira n'kuwalozera. Mawani anali atandandalikana kutsika, ndipo pakati pawo panali 2 mmodzi, pambali pa Chichewa. A Jafali anatembenukira kwa mwana wawo.

"Chichewa? Chomwe umandiyankha nacho tsiku lonsechi?"

"Amafuna cha ku Lilongwe, bambo," anatero Asiyatu.

Mzere wonse unaseka, koma a Jafali sanaseke. Anakhala pansi pa thumba, atagwira kapepalako ndi manja awiri, ndipo kwa nthawi ndithu palibe chinayezedwa pa sikelo imeneyo. Ankamuyang'ana mwana wawo ngati mlendo wolemekezeka amene wakhala m'nyumba mwawo zaka zonse iwo osadziwa, akumutuma madzi ndi kumugwiritsa matumba. Nkhope imeneyo ndinali nditaionapo kamodzi kokha, pa a Mhango, patsogolo pa mizere inayi. Asiyatu anayang'ana pansi, n'kuyamba kupinda thumba lopanda kanthu lija mosamala kwambiri, ngati ndi nsalu ya ku ukwati.

Pobwerera bambo sanakwere njinga. Ankaikankha okha, ine ndili kumbuyo, ndipo belu silinalire ngakhale pomwe mbuzi zinatseka njira. Titafika pa mtengo wa mango wa pakamtsinje anaima n'kuyankhula m'Chilomwe, chomwe kwa ife ana ankachigwiritsa ntchito zinthu zikawapweteka kwenikweni. Anati anthu onse amene iwo anawauza, ndikawauze ndekha, khomo ndi khomo. Sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya.

Ndinayenda masiku awiri. Pakhomo lililonse ndinkagwada, n'kufotokoza za thumba ndi miyala, n'kumaliza ndi nambala yanga. Ndikukhulupirira kuti ndinali mphunzitsi woyamba wa mapointi m'dera lonselo. Amalume, amene anadya nawo nkhuku ija, anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti iwo sabweza. Mkulu wa mpingo anati zili bwino, koma kutsogolo ndiimenso Lamulungu likubwerali kuti ana aang'ono andionenso. Kuyambira pamenepo mudzi wonse unayamba kunditchula Sate-folo, ndipo ena mpaka lero dzina langa lenileni salidziwa.

M'mawa wobwerera kusukulu bambo anamanga bokosi langa pa njinga, n'kukoka lamba kawiri kuti aone ngati lalimba. Anayankhula osandiyang'ana.

"Nandolo wa miyala ine sinditaya, ndimapeta. Ukamupemphe mwana wa a Jafali akuonetse mmene amapetera."

Pa siteji tinawapeza a Jafali atafika kale, atanyamula okha chikwama cha Asiyatu pamutu, osalola wa kabaza aliyense kuchigwira.

Ndinamupemphadi. Chaka chonse cha Folomu 4, Lamulungu lililonse masana, tinkakhala pa benchi ya kuseri kwa chipinda cha sayansi, phiri lili patsogolo pathu. Ankaphunzitsa ngati a Mhango, kungoti iye ankaseka. Ndikalakwitsa ankagogoda pepala ndi cholembera n'kunena kuti, "Mwala uwo." Ndinamva mawu amenewa kambirimbiri moti m'chipinda cholembera mayeso aboma ndinkawamvabe, ndipo kangapo ndinabwerera m'mbuyo n'kuupezadi mwalawo. Zotsatira zitatuluka, iye anapezanso 7, ndipo mwala wake unali Chichewa chomwe chija. Ine ndinapeza 17. A Mhango anandigwira chanza, chinthu chomwe ndinali ndisanawaonepo akuchita, n'kunena mawu awiri okha: "Njira yaoneka." Pa bolodi la m'holo, dzina la Asiyatu ndi loyamba pa chaka chathu. Langa lili mizere isanu pansi pake.

Zomwe zinachitika pambuyo pake ndizinena mwachidule. Tinakaphunzira mumzinda umodzi, iye uinjiniya, ine uphunzitsi. Tinakwatirana. Achibale a mbali zonse ziwiri anali ndi mafunso awo a chipembedzo, koma a Jafali anawatseka pakamwa ponena kuti mnyamatayo anamuyeza kale. Tinabereka mwana wamkazi, Mariamu. Chaka chatha Asiyatu anadwala masabata atatu, n'kutisiya. Anali ndi zaka 29.

Patapita masiku makumi anayi, mwambo wa sadaka utatha ndi anthu atabalalika, ndinakhala ndi apongozi anga, a Jafali, pakhonde lomwe lija. Dzuwa linali likadali pamwamba. Anali atakalamba kwambiri m'masiku ochepawo. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mbedza ya sikelo ikugwedezeka ndi mphepo.

"Apongozi," anatero, "munandiphunzitsa kuti nambala yaing'ono ndiyo yabwino."

"Inde, bambo."

"Twente-naini." Anatembenukira kwa ine. "Nayonso ili choncho?"

Ndine mphunzitsi wa masamu. Koma njira ya funso limenelo sindinaipezebe.

Masiku ano cholakwika ngati chathu chija sichingachitikenso ku Chiringa. Zotsatira zimabwera pa foni, ndipo amayi ogulitsa tomato pamsika amakambirana za mapointi a ana awo modziwa, ndi maphunziro omwe amafunika pa kosi iyi ndi iyo. Ana amene ndimaphunzitsa mu Folomu 1 amandifunsa kale kuti udokotala umafuna angati. Amadziwa zambiri kuposa zomwe ife tinkadziwa, ndipo amayamba kuopa msanga. Telemu yatha ndinapita kusukulu yathu ija kukayang'anira mayeso. Bolodi lakale linadzaza, anapachika lachiwiri pambali pake. Utoto wa chaka chathu wayamba kuchita chikasu. Ana ankadutsa pansi pake ndi mbale zawo akuthamangira nyemba, ndipo ndinadikira kuti holo ikhale yopanda munthu ndisanakweze maso.

Ogula nandolo ambiri tsopano ali ndi masikelo a batire, oonetsa manambala ofiira. Apongozi anga anakana. Yawo ndi ya wotchi yomwe ija, ndipo kapepala kaja anakakutira ndi pulasitiki n'kukakhomera pa mtanda, pamwamba pa mbedza. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndimakwera minibasi ndi Mariamu kupita kukawaona. Mwanayo ali ndi zaka zinayi, ndipo akangotsika pa kabaza amathamangira pa sikelo. Agogo ake amamanga chitenje, kumukhazika mkati, n'kumupachika pa mbedza miyendo ili lende. Mwanayo amaseka mpaka muvi umanjenjemera, ndipo iwo amadikira, osafulumira, mpaka uime. Kenako amapisa dzanja m'tsitsi lake monga amachitira ndi nandolo, kulitulutsa, kuliyang'ana, n'kulengeza kuti mulibe mwala.

Mwezi watha muvi unaima pa fifitini ndi theka. Mwezi wapitawo unali pa fifitini. Apongozi anauyang'ana kawiri, kenako anatembenukira kwa ine.

"Iyi yokha ikule, apongozi."

"Ikule, bambo," ndinatero.